Uthenga Wokuitanirani Kumsewu Ukhale ndi Mwini Wake

Inu a ku Nkhotakota, Salima, Mangochi ndi Machinga, pa tsiku la chisankho tidzaima pamzere kukasankha mtsogoleri wa dziko, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala. Tsiku limenelo ambiri a ife tikudziwa choyenera kuchita. Masiku ovuta ndi otsatira ake, inki ikadali pachala koma zotsatira zisanamveke. Lamulo limapatsa bungwe la MEC masiku 8 kuti lilengeze amene wapambana pa mpando wa pulezidenti, ndipo m'masiku amenewo foni yanu sidzapuma. Mudzalandira zithunzi za mapepala a zotsatira, mauthenga a mawu a anthu olankhula mwaukali, ndipo mwina usiku wina mudzalandira uthenga wakuti mawa aliyense atuluke, msewu utsekedwe. Tikukupemphani kuti mulingalire za uthenga umenewo lero, mitima ikadali m'malo, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Tiyambe ndi kunena poyera kuti kuchita zionetsero ndi ufulu wanu. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Ufulu umenewu Amalawi anaulipira ndi magazi. Pa 20 Julayi 2011 anthu anatuluka m'mizinda kudandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kaponderezedwe ka boma la Bingu wa Mutharika, ndipo anthu 20 anaphedwa m'masiku awiri, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Bungwe la MACRA litaletsa nyumba zoulutsira mawu kufotokoza zomwe zinkachitika pa nthawi yomweyo, amene anali ndi intaneti anathamangira ku Facebook ndi Twitter, ndipo zithunzi za ovulala zinafika kunja kwa dziko kudzera kumeneko. Kuyambira pamenepo masamba a mchezo akhala mbali ya ndale zathu, ngakhale kuti m'chaka chimenecho anali a anthu ochepa a m'tauni.

Lero zinthu zinasintha. Foni ya WhatsApp ili padoko, ili pamsika wa nsomba, ili m'thumba la mnyamata wa kabaza. Uthenga wa mawu umafika ngakhale kwa munthu amene sadziwa kuwerenga, m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo umamveka ngati mnzako akukunong'oneza. Gulu limodzi la pa WhatsApp limatha kukhala ndi anthu opitirira 1,000, ndipo munthu mmodzi amakhala m'magulu angapo: la pabanja, la kumudzi, la pantchito, la kumzikiti, la anzake a kusukulu. Uthenga ukalowa m'gulu limodzi madzulo, pofika m'bandakucha umakhala utadutsa maboma asanu. Kale wofuna kusonkhanitsa khamu ankafunika galimoto ya chimkuzamawu, mafuta, zikalata ndi masabata angapo. Tsopano akungofunika bandulo ya tsiku limodzi.

Komatu kuphweka kumeneku kuli ndi mbali yake ina. Foni imatha kuitana anthu chikwi kuti akumane pamphambano, koma singawauze kuti abwerere kunyumba zinthu zikasokonekera. Siimika mnyamata amene watola mwala. Siikambirana ndi mkulu wa apolisi za njira yodutsa. Ntchito zimenezi amazichita ndi anthu, anthu odziwika maina, amene aima kutsogolo ndipo adzayankha mafunso mawa. Uthenga wa pa foni ukamayenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja lina, dzina la amene anauyamba limatsala m'mbuyo. Umafika kwa inu kuchokera kwa msuweni wanu amene mumamukhulupirira, chonsecho naye sakudziwa amene anaupanga.

Chaka cha 2019 chimatiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Chisankho chinachitika pa 21 Meyi, bungwe la MEC linalandira madando 147, ndipo zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex zinazungulira m'mafoni a dziko lonse. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition linayamba kuitanitsa zionetsero zofuna kuti Jane Ansah atule pansi udindo, ndipo masiku, malo okumanirana ndi njira zoyendamo zinkafalitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Koma kumbuyo kwa mauthengawo kunali anthu amene aliyense ankawadziwa, monga Timothy Mtambo ndi Gift Trapence. Ankalembera mabwanamkubwa ndi akuluakulu a makhonsolo, ankapita kukhoti boma likafuna kuwaletsa, ankaonekera pamaso pa atolankhani. Asilikali a Malawi Defence Force anatha kuyenda m'mbali mwa khamu ndi kuliteteza chifukwa panali njira yodziwika ndi atsogoleri olankhula nawo. Ndipo chomwe chinasintha zotsatira chinali umboni umene unaperekedwa pamaso pa oweruza asanu. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti, khoti la Supreme linavomereza chigamulocho mu Meyi, ndipo pa 23 Juni 2020 tinavotanso. Msewu unapangitsa kuti nkhaniyo isaiwalike, koma mlandu unatha ndi mapepala osayinidwa ndi mboni zolumbira.

Ngakhale m'chaka chokhala ndi atsogoleri odziwika chotero, sitolo zinathyoledwa ndipo maofesi anatenthedwa. Choipitsitsa chinachitika pamene khamu linadziyendera lokha. Pa 8 Okutobala 2019 anthu anatseka msewu wa ku Mchinji pa Msundwe, ndipo wapolisi, a Usumani Imedi, anagendedwa mpaka kumwalira. Zotsatira zake zinagwera anthu amene sanatole mwala. Apolisi analowa m'madera a Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amayi ndi atsikana anachitidwa nkhanza zosaneneka. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi 18 apepesedwe ndi chipukuta misozi. Banja la wapolisiyo linataya bambo, amayiwo anasenza chilonda cha moyo wonse, ndipo palibe voti imodzi yomwe inawerengedwa bwino chifukwa cha zomwe zinachitika tsikulo.

Tsopano tiyang'ane ku Ntcheu, kwa Inkosi Champiti, kwawo kwa malemu Saulos Chilima. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali imene wachiwiri kwa mtsogoleri wa dzikoyu anakwera inasowa, ndipo tsiku lotsatira inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. M'maola amene boma linali lisananene zomveka, mafoni anadzaza mpatawo. Aliyense wa ife akukumbukira mauthenga a sabata imeneyo, ena olira, ena ofunsa mafunso oyenera, ena otchula maina a anthu amene ankati anakonza chiwembu, popanda umboni uliwonse. Pa 16 Juni, mwambo wa boma utatha pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, thupi linanyamuka kupita ku Nsipe. Usiku anthu anadzaza m'mbali mwa msewu wa M1, ena anatchinga msewu ndi miyala, kufuna kuona bokosi ndi maso awo, ndipo galimoto zina zinagendedwa. M'chipwirikiti chimenecho galimoto ina ya pamdipiti inawomba anthu oyenda pansi pa Ntcheu. Apolisi analengeza kuti anthu 4 anamwalira ndipo 12 anavulala. Kutacha, pa 17 Juni, a Chilima anaikidwa m'manda ku Nsipe, pamene mabanja ena a m'boma lomwelo anali atayamba kale kulira maliro awo.

Chisoni cha anthu a ku Ntcheu chinali chenicheni, ndipo mafunso awo anali ndi maziko, moti pambuyo pake akatswiri a ku Germany anafufuza za ngoziyo ndipo boma linakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Jabbar Alide, imene inapereka lipoti lake mu Disembala 2024. Munthu ali ndi ufulu wokhutira ndi lipotilo kapena kusakhutira nalo. Koma onani chimene chinasowa usiku umene uja. Panalibe wotsogolera wodziwika, panalibe njira yogwirizana ndi apolisi, panalibe oyang'anira khamu, panalibe ola lomwazikana. Panali mdima, msewu waukulu wa dziko, mkwiyo umene unakhala ukukolezedwa kwa masiku asanu ndi limodzi, ndi oyendetsa galimoto ogwidwa ndi mantha. Zinthu zimenezi zikakumana, imfa siisankha chipani. Mkwiyo wa pambuyo pa chisankho umakolezedwa m'njira yomweyo, ndipo umafika pamsewu mwamsanga kuposa pamenepo.

Boma la Ntcheu lili m'malire ndi Mozambique, monganso Mangochi ndi Machinga, ndipo zomwe zinachitika kutsidyako tinaziona pafupi. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatsutsidwa, Venâncio Mondlane ankalankhula ndi omutsatira pa Facebook ali kunja kwa dziko, kuwauza tsiku lonyanyala ntchito, tsiku loimba miphika usiku, tsiku lotseka misewu ndi madoko. Munthu mmodzi ndi foni imodzi anaimitsa dziko lonse. Boma linayankha ndi mfuti komanso kuchepetsa intaneti ya m'mafoni, ndipo mabungwe oima paokha anawerenga anthu opitirira 300 ophedwa m'miyezi yotsatira. Anthu zikwizikwi anathawira ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo mafuta athu odzera ku Beira ndi Nacala anavutika kufika. Kumeneko woitana anali wodziwika, koma analibe njira yolamulira zomwe zinkachitika pa mphambano iliyonse, ndipo amene anakumana ndi zipolopolo anali achinyamata a m'makwalala.

Ambiri a inu muli ndi ana ndi abale ku Joni. Afunseni za Julayi 2021, pamene Jacob Zuma anatsekeredwa m'ndende ndipo mauthenga a pa WhatsApp ndi Twitter anaitana anthu kutseka misewu ndi kuthyola sitolo ku KwaZulu-Natal ndi Gauteng. Anthu opitirira 300 anafa m'sabata imodzi. Ambiri mwa oyambitsa anali m'nyumba zawo, ndipo apolisi a dzikolo anadzawamanga patapita miyezi potsatira zomwe analemba m'magulu awo. Amalawi ogwira ntchito ku Durban anaona mafakitale ndi sitolo zomwe zinkawalemba ganyu zikupsa. Tikunena izi chifukwa abale athu a kunja ndi ena mwa anthu otumiza mauthenga a ndale ochuluka m'magulu a kumudzi. Amatero chifukwa chokonda dziko lawo, ndipo mawu awo amalemera popeza ndi amene amatumiza ndalama. Koma munthu amene ali ku Johannesburg kapena Cape Town sadzapuma utsi wokhetsa misozi pa Mangochi boma. Muuzeni mwaulemu kuti uthenga wake mwaumva, ndipo muupima kaye.

Tisachoke pa nkhaniyi ndi maganizo akuti foni ndi mdani. Pa 26 Juni 2025, ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje anavulaza Sylvester Namiwa pa zionetsero zomwe zinalengezedwa poyera, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Dziko linadziwa zimenezi chifukwa panali anthu ojambula, ndipo kanemayo anafika paliponse tsiku lomwelo. Foni ndi mboni imene wachiwembu amaiopa. Ndi chifukwa chake aliyense wofuna chisankho chachilungamo ayenera kukana maganizo otseka intaneti pa nthawi ya chisankho. Boma likatseka mafoni, mphekesera sizitha. Zimangosamukira pakamwa, pamene palibe wozitsutsa, ndipo ozunza anthu amapeza mdima wogwiriramo ntchito. Nkhani ya a Namiwa ikutikumbutsanso kuti ngakhale zionetsero zotsata lamulo zimatha kukumana ndi zigawenga, ndipo udindo woziteteza uli m'manja mwa apolisi. Wandale aliyense wobwera kudzapempha voti yanu mumufunse ngati akudzudzula zikwanje zimenezi posayang'ana kuti wozinyamula ndi wa mbali iti.

Nanga uthenga wokuitanirani kumsewu ukafika, muupime bwanji? Lamulo la apolisi la 2010 likuthandizani. Limanena kuti wokonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa wa boma mwa kalata, pasadakhale maola osachepera 48, ndipo apolisi a deralo alandire chidziwitsocho. Kumeneku ndi kudziwitsa, osati kupempha chilolezo, koma kalatayo imakhala ndi dzina la wokonza, cholinga, nthawi, malo ndi njira yoyendamo. Lamulo lomwelo limalola kuti okonza afunsidwe za katundu amene wawonongeka. Choncho zionetsero zenizeni zimakhala ndi mwini wake amene waika dzina lake pachiswe. Funsani kuti woitana ndani, ndipo ngati dzina latchulidwa, mvetserani wailesi kapena onani tsamba lenileni la bungwelo kuti mutsimikize, chifukwa masiku ano kalata yokhala ndi chidindo imapangidwa pa foni, ndipo makina amatha kutsanzira mawu a munthu wodziwika. Funsani kuti chikalata cha madandaulo chikaperekedwa kwa yani, ndipo anthu adzamwazikana nthawi yanji. Uthenga wonena kuti mubwere usiku, mubwere ndi matayala kapena mafuta, mubise nkhope, kapena wotchula sitolo ya munthu, nyumba ya munthu, mtundu wa anthu kapena chipembedzo chawo, umenewo ukuitanirani ku mlandu.

Onaninso zizindikiro zimene foni yomweyo imakupatsani. Uthenga umene wadutsa m'manja ambiri WhatsApp imauika timivi tiwiri pamwamba pake. Timivi timeneti tikuuzani kuti amene wakutumizirani sindiye mwini nkhani. Chithunzi cha moto kapena cha mtembo chikhoza kukhala cha chaka china kapena cha dziko lina, choncho yang'anani zikwangwani, nambala za galimoto ndi yunifolomu ya apolisi. Ngati uthenga ukunena kuti ku Liwonde kapena ku Monkey Bay kwavuta, muli ndi wachibale kumeneko, muimbireni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziwaninso kuti nambala yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo pansi pa lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti anthu amangidwapo chifukwa cha zomwe analemba kapena kutumiza m'magulu. Pali kudandaula komveka kuti lamuloli limagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa otsutsa, ndipo n'koyenera kulimbana nalo m'makhoti ndi m'Nyumba ya Malamulo. Komabe munthu asadzinamize kuti gulu la anthu mazana awiri ndi chipinda chogona.

Mawu apadera apite kwa inu oyang'anira magulu a pa WhatsApp a mizikiti, a madrasa, a amayi ndi a achinyamata. Anthu amakhulupirira uthenga wa m'gulu la kumzikiti kuposa wa m'gulu lina lililonse, ndipo andale amadziwa zimenezo. Amadziwanso kuti Lachisanu masana anthu mazanamazana amatuluka pakhomo limodzi pa nthawi imodzi, khamu lokonzeka kale limene safunika kulilipirira galimoto. Musalole kuti wina alembe kuti zionetsero zidzayambira pamzikiti wakutiwakuti popanda komiti ya mzikitiwo kudziwa. Gwirizanani tsopano, chisankho chisanafike, kuti zotsatira zosatsimikizika ndi mauthenga oitanira anthu kumsewu opanda mwini sizidzaloledwa m'gulu, ndipo amene wazitumiza adzafunsidwa kumene wazitenga. Pa masiku 8 aja mukhoza kukonza gulu kuti oyang'anira okha ndiwo azilemba. Kufufuza nkhani isanafalitsidwe ndi chiphunzitso chimene mashehe athu akhala akutikumbutsa kuyambira kale, ndipo chikugwira ntchito pa foni monga chimagwirira pabwalo. M'safu imodzi mumaima anthu a zipani zosiyana, ndipo adzaimamonso limodzi chisankho chikadzatha.

Kumbukiraninso chimene msewu uli kwa ife a kunyanja. Usipa, utaka ndi chambo zimachoka padoko kudzera ku Golomoti, ku Salima kapena ku Liwonde kuti zikafike m'misika ya Lilongwe, Ntcheu ndi Blantyre. Nsomba yaiwisi siidikira kuti miyala ichotsedwe. Mayi wodwala amene watumizidwa kuchipatala chachikulu ku Zomba amadutsa msewu womwewo. Tayala likatenthedwa pa phula, dzenje lake limakhala zaka, ndipo amene amathyokerapo ndi njinga zathu. Zionetsero zokonzedwa bwino zimayenda mbali imodzi ya msewu, masana, zimapereka mpata kwa ambulansi, zimafika kwa bwanamkubwa ndi kumwazikana. Zoterozo zimamveka kutali kuposa utsi, chifukwa boma limasowa chonamizira.

Ngati mukufuna kuteteza voti yanu, ntchito yaikulu ya foni ili pamalo oponyera voti. Mavoti amawerengedwa pomwepo, oimira zipani amasayina ndi kulandira pepala la zotsatira, ndipo zotsatirazo zimaikidwa poyera. Jambulani pepala lonse momveka, dzina la malowo ndi masayini zikuoneka, ndipo mulisunge. Mukaona cholakwika, uzani woimira chipani kapena woyang'anira chisankho wovomerezeka kuti dandaulo lilembedwe nthawi yomweyo. Mapepala otere ndi amene anagwira ntchito m'khoti mu 2019 ndi 2020. Dziwaninso kuti tsopano wopambana pa upulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, ndipo ngati palibe wafikapo, chisankho chimabwerezedwa pakati pa awiri otsogola. Choncho zotsatira za dera limodzi, ngakhale zikhale zoona, sizikuuzani amene wapambana dziko lonse, ndipo wodzilengeza yekha pa Facebook asakuthamangitseni magazi.

Tsiku likadzafika lakuti chilungamo chapotozedwa ndipo anthu odziwika aitanitsa zionetsero motsata lamulo, amene mtima wake wamuuza kupita apite, masana, manja ali opanda kanthu, atauza a pabanja pake kumene ali, ana atatsala kunyumba. Amene wasankha kukhala asanyozedwe, ndipo sitolo yake isakhudzidwe. Koma uthenga wopanda dzina ukafika pakati pa usiku, uthere m'foni yanu. Makolo, kambiranani zimenezi ndi ana anu sabata ino. Atsogoleri a magulu, ikani malamulo anu mwezi uno. Mulungu atipatse chisankho chamtendere ndi atsogoleri oopa kupondereza anthu ake.